Kambuzi Wathu Anakwatiwa ku Joni

Ndinaganiza zochoka ku Torwood tsiku limene ndinaona amayi akuthira madzi otentha m'botolo la mafuta ophikira lomwe linali litatha kale, n'kulikhutchumula kuti timadontho totsalira titsikire mumphika. Bambo anali atamwalira, ng'anjo za fakitale ya zitsulo zinali zitazizira kalekale, ndipo ine Eneti, mwana woyamba, ndinali ndi satifiketi ya sekondale imene inkangogona m'sutikesi. Ndinawauza kuti ndikupita ku Joni. Sanakane. Anangoti, "Usakanenepe wekha kumeneko," n'kupitiriza kusadzula nkhwani.

Ife a ku Torwood amene makolo athu anachokera ku Malawi tilibe kumudzi. Khirisimasi ikafika, anzathu Achishona amakwera mabasi kupita kumusha, kumidzi kwawo, ife n'kutsala tikuwalonderera nyumba. Agogo aamuna, bambo a amayi anga, anabwera wapansi kuchokera ku Ntcheu ali mnyamata kudzafuna ntchito kumigodi, ndipo dzina la mudzi wawo anapita nalo kumanda. Chimene anatisiyira ndi chimodzi basi, tsabola wa kambuzi. Njere zake anabwera atazimanga pansonga ya mpango, ndipo komboni iliyonse imene ankasamukira ankazibzala kuseri kwa nyumba. Ndi katsabola kakang'ono, kobulungira, kachikasu kakapsa, ndipo fungo lake limakupeza kuwawa kusanafike. Anthu ena ali ndi minda ndi manda a makolo, ife tinali ndi timitengo tingapo kuseri kwa bafa.

Amayi ankamukonza mwaulemu ngati mlendo wolemekezeka. Sankamutsuka ndi madzi, ankamupukuta ndi kansalu kouma mmodzimmodzi, n'kumubaya ndi singano. Kenako ankamuika m'botolo pamodzi ndi mchere, adyo ndi madzi a mandimu, n'kuthirapo mafuta owiritsa amene azizira. Botolo linkakwera padenga kuti dzuwa limalize ntchito, ndipo wolikhutchumula tsiku ndi tsiku ndinali ine, chifukwa ndine amene sindinkaopa makwerero. Mango akakhala aawisi ankawaduladula, kuwathira mchere, kuwayanika pa lichero, n'kupanga atcha ndi kambuzi yemweyo. Mabotolo amenewa ankagawa mosaumira, kutchalitchi, pamaliro, paukwati. Koma tsabola wamuwisi wokhala ndi njere zamoyo, ameneyo ayi. Pamenepo amayi anali ouma manja. Anatchinga timitengoto ndi malata akale, ndipo mayi woyandikana nawo akangoyang'anako nthawi yaitali, ankamufunsa ngati wataya kanthu.

Ku Joni ndinayamba ndi kukolopa m'nyumba za anthu, kenako ndinapeza ntchito yotsuka mbale mu lesitilanti ina, mpaka tsiku lina wophika atadwala anandipatsa mpeni. Ndinkakhala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya munthu ku Tembisa. Ndalama ndinkatumiza mwezi uliwonse, nthawi zina ndikuseka, nthawi zina ndikukukuta mano, ndipo mafuta ophikira ndinkawatumiza a m'zigubu kudzera kwa amalayitsha, madalaivala onyamula katundu wa anthu kupita kwathu, kuti botolo lija lisadzathiridwenso madzi. Kusungulumwa kunkandigwira Lamlungu masana. Umaphika, umapakula, ukakhala pansi n'kuona kuti palibe woti akuuze kuti mchere wachepa. Ndinkalira ndithu, sindibisa.

Chimene chinkandiseketsa ndi mauthenga a mawu a amayi pa foni. Iwo amayamba kulankhula asanadine batani, ndiye uthenga uliwonse unkayambira pakati. Ndimatsegula n'kumva, "...ndiye anamuika dzulo, anthu anali ambiri," ine osadziwa kuti wamwalira ndani. Botolo la kambuzi ananditumizira kamodzi, linasweka m'galimoto, ndipo dalaivala anati zovala za makasitomala ake zinanunkha adyo kuyambira ku Beitbridge. Kuchokera pamenepo ankanditumizira wouma m'kapepala. Tsiku lina ndinafikisa njere m'chitini cha penti chodzaza dothi, mongoyesa, ndipo zinamera. Ndinavina ndekha pabwalo mpaka mwini nyumba anasuzumira pawindo.

M'chipinda choyandikana ndi changa munkakhala Ameliya wa ku Mozambiki, wometa tsitsi, amenenso anali ndi zitini zake za piripiri wautali wofiira. Tinandandalika zitini zathu pamodzi pakhoma lomwe limawomba dzuwa. Iye ankathirira zanga ndikakhala kuntchito, ine zake. Lamlungu linasiya kuwawa, chifukwa iye ankabwera ndi nkhuku yake ya kokonati, ine ndi nyemba ndi botolo langa, n'kumatsutsana kuti tsabola weniweni ndi wa ndani. Chisanu cha ku Joni chimapha timitengo chaka chilichonse, choncho ndinkasunga njere za tsabola wanga womwe n'kubzalanso kukayamba kufunda. Ndinatero zaka zambiri ndithu, ndikudzitama mumtima kuti mwana wa amayi ndine.

Chaka chatha uthenga unabwera, ndipo kameneka kanali koyamba kuti uyambire poyambira. Amayi anali atagonekedwa m'chipatala ku Gweru chifukwa cha bondo. Pamene ankatuluka anapeza mipopi ya ku Torwood itauma milungu ingapo, dzuwa la Okutobala litawotcha timitengo tonse mpaka kumizu. Njere zimene anasunga m'kabati zinali zakale, anafesa koma sizinamere. "Kambuzi wa agogo ako watha," anatero, mawu ali pansi. "Wathera m'manja mwanga."

Ine ndinayankha ndikumwetulira, "Mhamha, musataye mtima, ndili naye kuno." Ndinapempha tchuthi cha Disembala, ndinakulunga tsabola wouma m'masokosi, ndipo m'basi monse ndinakhala ngati munthu wonyamula mankhwala a mudzi wonse. Ndinkaziona kale m'maganizo: amayi akulira, ine ndikuwasisita paphewa modzichepetsa.

Ndinatsika kombi ku Torwood mvula itangokata kumene. Mitengo ya mango inali italemedwa, ana akusewera m'zithaphwi, nyumba zitachepa kuposa mmene ndinkazikumbukira. Amayi anandilandira akutsimphina, anandigwira masaya n'kunena kuti ndanenepa ndekha ndithu. Sindinadikire n'komwe tiyi. Ndinamasula masokosi patebulo.

Anatola mmodzi, anamutembenuza, anamuthyola pakati n'kumufikitsa pamphuno. Ananunkhiza nthawi yaitali.

"Uyu ndi ndani?"

"Ndi kambuzi wathu, mhamha."

"Wathu ndi wamfupi. Uyu watalika, wafiira. Unamubzala pafupi ndi ndani?"

Ndinawauza za zitini za Ameliya. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Njuchi sizifunsa pasipoti, mwanangu. Uyu anakwatiwa kunja. Awa ndi adzukulu a piripiri."

Ndinapsa mtima. Ndinati lilime lawo lakalamba, ndinati mankhwala a kuchipatala awawononga mphuno. Iwo sanatsutse. Anakwera pampando, bondo lomwelo, n'kutsitsa pamwamba pa kabati botolo lomaliza la kambuzi weniweni, lotsala pang'ono pansi. Atangotsegula, fungo linadzaza khitchini yonse, ndipo ndinadziwa ndisanalawe. Wanga ankangowawa basi. Anasintha pang'onopang'ono chaka ndi chaka, lilime langa n'kumasintha naye limodzi. Njere za m'botolo sizimera, mchere ndi mafuta zimakhala zitazipha. Ndinakhala pansi n'kulira ngati mwana, ndipo amene ankasisita mnzake paphewa anali amayi.

Mawa lake anandidzutsa kuti tikathyole mango aawisi. "Mkamwini sathamangitsidwa," anatero, "timugwiritse ntchito." Tinapanga atcha ndi tsabola wanga wosakanizikayo, tinaphika nkhwani wotendera ndi nyemba, ndipo tinadya bwino ndithu. Koma ndinkawaona akamapita kukayanika zovala, ankaima kanthawi pamalo pamene panali timitengo paja. Ndinaganiza zowatulutsa m'nyumba. Ndinati, "Zaka zonsezi ndaphikira anthu ena. Tchuthi chino inu ndi ine tidya zophika ena."

Amayi ndi mtsogoleri wa azimayi kutchalitchi, ndipo chakudya cha pamsewu ankachitcha cha anthu opanda kwawo. Anavomera pokhapokha atanyamula supuni yawo ndi kabotolo ka atcha m'chikwama. Tinayambira pamashopu a ku Torwood pomwepo, pamene mvula ikagwa azimayi amagulitsa ngumbi zokazinga, zimene anzathu amati ishwa, ndi chimanga chootcha chamondokwa. Amayi anati ngumbizo zachepa mchere, koma anamaliza kapu yonse n'kunyambita zala.

Loweruka tinakwera kombi kupita ku Kwekwe, n'kukweranso ina ya ku Mbizo. Kumeneko kuli gochi-gochi: umagula nyama kubutchala, n'kuipereka kwa anyamata ootcha pa migolo yodulidwa pakati. Utsi, wailesi zikupikisana, makorokoza okumba golide ali ndi matope ofiira mpaka m'makutu akugula nyama ngati mawa kulibe. Amayi anakhala pa kireti atavala chipewa chawo cha kutchalitchi, ndipo pasanathe nthawi anali atayamba kulamula wootchayo.

"Iwe mukomana, tembenuza, ukufuna tidye makala?"

"Mhamha, ndiro basa rangu iri," anatero mnyamatayo akuseka, kutanthauza kuti imeneyi ndi ntchito yake, koma anatembenuza.

Atatulutsa kabotolo ka atcha, mmodzi wa makorokoza anapempha kulawa. Anatuluka thukuta, anapemphanso. Kabotolo kanazungulira benchi yonse n'kubwerera kopanda kanthu, ndipo amuna aja anatigulira zakumwa zozizira, akuwatcha amayi kuti gogo vemoto, agogo a moto. Ndinali ndisanawaone akuseka choncho chimwalirireni bambo.

Tinabwereranso ku Mbizo sabata yotsatira, ulendo uno mwa kufuna kwawo. Anamva kuti kuseri kwa msika kuli mayi wina Wachisilamu, Abiti Saidi, amene makolo ake anachokera ku Mangochi, wophika mapazi a ng'ombe. Kuno timati mazondo, amayi amati mang'ina. Anatipakulira m'mbale zachitsulo, msuzi wake wonata milomo, ndipo pambali anaika kasupuni ka tsabola wachikasu. Amayi anasunsa, anafikitsa pakamwa, n'kuima.

"Khala chete."

"Sindinalankhule, mhamha."

"Khala chete ndinunkhize."

Anakoka mbale ya tsabola ija, n'kuiyang'anitsitsa. Nanenso ndinalimva fungolo. Linali lophimbika ndi viniga wambiri, koma linali fungo la kuseri kwa bafa lathu.

"Anzanga, tsabola uyu mwamutenga kuti?"

"Ndimagula wopangapanga," anatero Abiti Saidi. "Kuli mayi wina ku Mambo, ku Gweru, amabwera naye m'mabotolo a mayonezi. Mukafike pamashopu mukafunse mai vemhiripiri, mayi wa tsabola, aliyense akulozerani."

Panjira yobwerera amayi ankangodzitsutsa okha. "Sizingatheke. Sindinapatsepo munthu ngakhale njere imodzi." Koma mawa lake anadzuka ine ndisanadzuke, atavala kale nsapato.

Ulendo wa ku Gweru unali phwando paokha. M'mbali mwa msewu anthu anali atandandalika mabeseni a masuku ndi bowa woyera wamkulu ngati mbale, ndipo kombi itaima amayi anagula masuku kudzera pawindo. Tinkamwa masukuwo n'kumalavulira njere m'pepala, madzi ake akuyenderera m'zigongono. Ku Mambo mtsikana wogulitsa tomato anatilozera nyumba ina yokhala ndi chisakasa kutsogolo. Pamabenchi panali anthu akudya nkhuku yachikuda ndi nsomba zokazinga, ndipo pamoto panali mayi wonenepa atatipatsa msana. Atatembenuka, chikombe chili m'manja, anatiyang'ana n'kuchiika pansi.

"Mai Eneti. Ndimi here? Ndinu?"

Anali Mai Tsitsi, amene tinkayandikana nawo nyumba ku Torwood ndili mwana. Anasamukira ku Gweru amuna awo ntchito itatha kufakitale. Ndi Mshona, koma ku Torwood aliyense ankadziwa Chichewa chokwanira kugulira ndi kukanganira. Anakumbatirana, anafunsana za amoyo ndi akufa, anandizungulira ine n'kunena kuti Joni yandikonda. Anatikhazika pansi n'kutipakulira nkhuku. Amayi sanaikhudze.

"Mai Tsitsi, ndionetseni kuseri."

Mai Tsitsi anapukuta manja pa epuloni nthawi yaitali kuposa mmene manja amafunira. Kenako anatitsogolera.

Kuseri kwa nyumbayo kunali kambuzi kuyambira pakhoma mpaka kumpanda, timitengo tofika m'chiuno, todzaza timipira tachikasu tonyowa ndi mvula. Wamfupi, wobulungira, yemwe uja. Amayi anagwira nsanamira ya chingwe choyanikira zovala. Ndinkaganiza kuti alira, koma anatembenuka, manja m'chiuno.

"Munamutenga liti?"

"Pamaliro a baba Eneti," anatero Mai Tsitsi, maso ali pansi, pakamwa pakufuna kuseka. "Munandiika kotsuka mbale, kuseri. Inu muli m'nyumba mukulira. Nanenso ndinalira, shuwa, koma ndi diso limodzi. Linalo linali pa mhiripiri."

"Pamaliro a amuna anga."

"Nanga tsiku lina liti limene simunkalondera?"

Amayi anayesetsa kuumitsa nkhope, koma zinakanika. Anaseka mpaka anakhala pa ndowa yovundikira, akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Atawafotokozera za mipopi youma ndi za mkamwini wanga wa ku Mozambiki, Mai Tsitsi anati iwo salola tsabola wina aliyense kumera pafupi, ngakhale wa oyandikana nawo amakawalipira kuti azule. Nkhanza zimenezo anati anaphunzira kwa amayi. "Koma akuba sindinawathe," anatero. "Yendani mumsewu uno muone. Nyumba iliyonse ali naye. Wina anapita naye ku Shurugwi, wina ku Zvishavane. Amamutcha mhiripiri yekuTorwood."

Anawerama n'kuthyola wodzaza dzanja, n'kuwatambasulira amayi. Amayi anabisa manja kumbuyo msangamsanga.

"Ayi. Mwaiwala? Tsabola sapatsana pamanja, tingadane."

Limeneli ndi lamulo la azimayi a ku Torwood, sindikudziwa amene analiyambitsa. Mai Tsitsi analikumbukira. Anayang'ana tsabola anali m'dzanja lawo, anayang'ana amayi, n'kumuponya m'thumba la epuloni.

"Maiwe, nyemba dzangu dzatsva," anatero ngati nyemba zikupserera, ngakhale kuti pamoto panalibe nyemba. "Ndichedwako pang'ono." Anazungulira nyumba akuimba nyimbo ya kutchalitchi mokweza kuti tidziwe pamene afika.

Amayi anga, mtsogoleri wa azimayi, amene anandikwapulapo chifukwa cha gwafa mmodzi wa eni ake, anayang'ana uku ndi uku n'kutsegula chikwama.

"Iwe, yang'ana kumsewu."

Ndinalondera. Kumbuyo kwanga ndinkangomva timapesi tikuthyoka ndi amayi akupuma mofulumira, akusankha okhwima okhaokha. Titabwerera kuchisakasa anakhala pabenchi, chikwama pamiyendo, nkhope yoyera ngati ya munthu wochokera ku mgonero. Mai Tsitsi anatiwonjezera nkhuku osafunsa kanthu, ndipo amayi anadya mpaka kuphwanya mafupa, akudandaula kuti viniga wachuluka m'tsabola ndipo adzabwera kudzawaphunzitsa za mandimu.

M'kombi yobwerera ndinkalingalira zonsezi. Zaka zonse za ku Joni ndinkaganiza kuti kwathu ndi kanthu kakang'ono kamene kakutha, kamene ine ndekha ndikukagwirizira ndi ndalama zanga ndi zitini zanga za penti. Ndinkaganizanso kuti ife ndife alendo m'dziko lino, oti chathu chikangouma kuseri kwa bafa ndiye kuti tafufutika. Koma tsabola wa agogo anali atalowa kale m'miphika ya anthu a matauni onse a migodi, ndipo anthuwo samutchula dzina la Malawi, amamutchula dzina la komboni yathu. Zinandisangalatsa kwambiri, ndipo zinandichotsera katundu amene sindinkadziwa kuti ndasenza.

Tinayanika tsabola uja pa lichero, tinachotsa njere, ndipo ndisanabwerere kuntchito mu Januwale tinafesa. Ine ndinatenga khasu n'kulunjika kuseri kwa bafa, kumalo akale. Amayi anandiitana ali kutsogolo kwa nyumba, atatsamira mpanda wa waya umene umayang'ana kumsewu, pamene ana asukulu ndi azimayi opita kumsika amadutsa.

"Kumba apa."

"Apa, mhamha? Dzanja la munthu likwana bwinobwino pa waya apa. Adzatibera."

"Ndayeza kale ndi langa," anatero. "Likukwana. Kumba."